Kanyale kofiira ka buleki kamayaka m'mawa ndikaliza motoka, kenako kamazima kokha

Amake_Tiya

Muli bwanji nonse a muno. Ndithandizeniko maganizo chifukwa nkhani iyi yandisowetsa mtendere. Ndili ndi motoka ya ex-Japan, automatic, ya 2010, ndinagula zaka zitatu zapitazo kwa munthu amene anakaitenga yekha ku Nakonde. Siinandivutitsepo kwenikweni kupatula matayala ndi ma shock chifukwa cha msewu wa kwathu kuno ku Chelstone mkati umu.

Manje kuyambira pamene July anayamba, m'mawa ndikaliza kuti ndipereke ana kusukulu, nyale zonse za pa dashboard zimayaka monga mwa masiku onse kenako zimazima, koma kofiira kaja kozungulira kokhala ndi kamzere ndi kadontho pakati kamatsala koyaka, chonsecho handbrake ndatsitsa mpaka pansi. Masiku ena kamabwera ndi inzake ya yelo yolembedwa ABS, ndipo pa kasikirini pamatuluka mawu achiJapan ndi kuliranso kuti ti-ti-ti. Mwana wanga wamkulu anajambula ndi foni n'kumasulira, akuti mawuwo akunena kuti tionetse mabuleki.

Chimene chikundisokoneza n'chakuti ndikayenda pang'ono, pofika pa Great East Road kamakhala katazima kokha, ndipo masana ndikamachoka kuntchito sikayaka ayi. Koma dzana ndikukwera hump pafupi ndi sukulu kanaphethira kawiri. Buleki ikugwira, kungoti ndikuona ngati pedulo ikupita pansiko kusiyana ndi kale, kaya ndi mantha chabe kaya.

Alamu anga akuti ndi kuzizira basi, motoka za ku Japan zimatero, ndisiye kuda nkhawa. Koma ine mtima sukuvomera chifukwa kumapeto kwa August tikupita ku Kulamba ku Mkaika ku Katete, ndidzanyamula apongozi ndi ana atatu, ndiye ndikaganiza zotsika mapiri a Manenekela paja ndi kanyale kofiira kumaso, tulo sindikupeza. Amene munakumana nazo, chimakhala chani?

MudalaWaTaxi_Kabwata

Ba amake Tiya, ine sindine makanika koma nayendetsa taxi zaka zambiri muno mu Lusaka, so nyale izi naziona maningi. Choyamba niuzeni, batire yanu ili ndi zaka zingati? Ngati ni yamene munapezamo pogula motoka, yambirani pamenepo. June na July batire zokalamba zimaonekera poyera. Motoka yagona panja usiku wonse, m'mawa mukaliza sitata imadya moto wonse, kompyuta ya ABS, ija yoletsa matayala kuloka mukaponda buleki mwadzidzidzi, imaona moto wachepa ndiye imayatsa nyale. Mvetserani bwino mailo m'mawa, ngati sitata ikulira mokoka kuti rrr… rrr… isanagwire, osati kamodzi n'kamodzi monga masana, mudziwe kuti batire yatopa.

Ine zinanichitikira pa motoka yanga yakale, nyale ya ABS daily m'mawa, nikazima injini pa rank n'kulizanso yazima. Ninayenda nayo choncho mwezi wathunthu mpaka tsiku lina inakaniratu kulira pa Kamwala customer ali mkati na katundu wake. Titachinja batire nyale sinabwerenso.

China chaching'ono, pansi pa handbrake pali kaswitchi. Kakalowa fumbi olo handbrake ikatsala ka click kamodzi, kofiira kaja kamayaka. Yesani kukweza n'kutsitsa mwamphamvu kawiri katatu muone ngati kazima. Ngati yanu ni ija yoponda na mwendo wakumanzere, ikokeni na nsonga ya nsapato ibwerere mmwamba bwinobwino, zija zimakonda kutsalira.

Koma apo mwakamba za pedulo kupita pansi na kuphethira pa hump, mmm, apo nisanamizeni, batire siichita zimenezo. Dikirani amakanika a muno ayankhe. Ndipo pa Manenekela musakayeserepo mwayi, ine napitapo kangapo na ma hire a ku Petauke, malo aja safuna buleki yokayikitsa.

KaBoyWaKanyama

Mummy osavutika, gulani chabe ka botolo ka brake fluid pa filling station muthiremo mpaka pa MAX, nyale izazima. Yanga inali kuchita so, ninathira, yaleka. Ikapitiliza pali ka plug pambali pa kabotolo ka fluid, mukachotsa siyakanso olo pang'ono. Ma sensa a motoka izi amanama maningi.

Makanika_Matero

Achimwene a ku Kanyama, chonde uphungu wochotsa plug uwo musamapatse anthu, makamaka mayi wonyamula ana. Waya umenewo ndi wokhawo umene umauza dalaivala kuti fluid ikutha. Mukauchotsa fluid ipitiriza kutha, kungoti simudzadziwa mpaka tsiku limene mwendo udzafike pansi motoka ikupitabe.

Amake Tiya, ndawerenga bwino zimene mwalemba ndipo ine ndikuona nkhani ziwiri zosiyana zimene zangokumana mwezi umodzi. Ya yelo ija ya ABS a mudala a taxi akhoza kukhala kuti alondola, za magetsi ndisiyira eni ake. Ine ndikambe za kofiira, chifukwa ndi kamene kamapha.

Tsegulani boneti mawa m'mawa musanalize, motoka ili pamalo olingana. Kutsogolo kwa chiwongolero, chakumbuyo kwa injini, muona kabotolo koyera koonekera mkati kolembedwa MAX ndi MIN. Mkati mwake muli kachinthu koyandama kokhala ndi maginito, fluid ikatsika nako kamatsika n'kuyatsa nyale. Ndiye taonani mmene zikugwirizanira ndi nkhani yanu. Fluid ikakhala pamalire penipeni pa MIN, usiku wozizira imakhwinyata pang'ono, kachinthu kaja kamatsika, nyale yayaka. Mukayenda injini n'kutentha, fluid imafufuma pang'ono, nyale yazima. Mukakwera hump kapena kukhota mwamsanga fluid imakhapira mbali imodzi, nyale yaphethira. Alamu anu sananame kuti kuzizira kulipo, koma kuzizirako kwangoulula kuti fluid yachepa. Motoka yokhala ndi fluid yokwanira siyatsa kofiira ngakhale kuzizire bwanji.

Tsono funso lenileni ndi lakuti fluid yapita kuti. Brake fluid siili ngati petulo kapena oil wa injini yakutha amene amapsa. Ikatsika njira zake ndi ziwiri basi.

Yoyamba ndi ma pads kutha. Pad yatsopano nyama yake imakhala mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ikamadyeka piston ya mu caliper, chitsulo chimene chimapana ma pads pa disc, imatuluka kulondola, ndipo malo amene yasiya kumbuyo amadzazidwa ndi fluid yochokera m'kabotolo kaja. Choncho fluid yotsika pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri imakhala ikukuuzani kuti ma pads akutha. Akafika pa mamilimita 3 ife timati chinjani. Ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamayamba kulira kuti tswiii pa disc akatsala pang'ono, pomwe motoka zambiri za ku Germany monga BMW ndi Mercedes zili ndi kawaya mu pad momwemo kamene kamayatsa nyale yakeyake. Apa ndi pamene kungothira mpaka pa MAX kumapusitsa, nyale izima inde koma ma pads ali pomwepo, ndipo tsiku loika atsopano tikabweza piston mkati fluid ija imasefukira, n'kudya penti wa m'boneti chifukwa fluid ndi penti sizionana.

Yachiwiri, imene ndikuiopa chifukwa mwatchula pedulo, ndi kudontha. Ma pads akutha okha kawirikawiri sapangitsa pedulo kupita pansi. Motoka zambiri za ex-Japan za saizi yapakati kumbuyo zili ndi ma drum, mkati mwake muli wheel cylinder, kachitsulo kotalika ngati chala kokhala ndi marabala mbali zonse ziwiri. Marabala aja akakalamba amayamba kuchucha pang'onopang'ono mkati mwa drum, pansi simuona dontho ngakhale limodzi chifukwa fumbi la ma shoes, amene ali ngati ma pads a mu drum, limamwa zonse n'kusanduka phala lakuda. Gwadani ndi tochi ya foni muyang'ane kuseri kwa matayala onse anayi. Mukaona mbali yamkati ya tayala kapena chimbale chakuseri kwa drum chanyowa, chakuda ngati chapakidwa mafuta pomwe inzake ili mbuu ndi fumbi, mwapeza. Yang'ananinso mapaipi arabala opita ku mawilo ngati ang'ambika kapena kutupa, komanso pansi pa master cylinder, pampu imene kabotolo kaja kakhalapo, pamene yalumikizana ndi chimphika chakuda chija cha booster chothandiza mwendo kuponda buleki, penti akasupuka pamenepo ndiye kuti master ikutayira kumbuyo.

Pali mayeso awiri amene mungachite nokha pa yadi. Injini ili yozima pondani buleki kanayi kapena kasanu mpaka ilimbe, gwiritsani mwendo pomwepo n'kuliza injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu, kusonyeza kuti booster ili moyo. Kenako injini ikulira pondani mosalekeza kwa theka la miniti. Iyenera kuima malo amodzi. Ikamamira pang'onopang'ono ngati mwaponda m'matope, motoka imeneyo isatuluke pa geti, itanani makanika abwere komweko.

Ngati fluid ili pansi pa MIN koma pedulo ikulimba, thiraniko yongokwanira kufikira ku galaji, muyende pang'onopang'ono. Werengani pa chivindikiro, palembedwa DOT 3 kapena DOT 4, mugule yomweyo, ya m'botolo losatsegulidwa. DOT 5 ndi ya mtundu wina, ya silicone, siisakanizidwa ndi zinazi. Ndipo musalole munthu athiremo ATF, oil wa gearbox ya automatic, kapena oil wa mtundu uliwonse, ndinalandirapo motoka imene mnyamata wa pa car wash anathiramo wa power steering pofuna kuthandiza, marabala onse anatupa, tinachinja kuyambira master mpaka ma caliper.

Za ulendo wanu wa ku Katete ndiwonjezere ichi. Fluid imamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 3 yatsopano imawira pa madigiri 205, koma ikamwa madzi imatsika kufika cha pa 140. DOT 4 imachoka pa 230 kufika pa 155. M'tauni muno simungazindikire kusiyana kwake, koma potsika mapiri opita ku Luangwa Bridge motoka itadzaza anthu ndi katundu, mwendo uli pa buleki nthawi yonse, fluid yakale imawira, mumapaipi mumadzaza nthunzi ndipo pedulo imangoti fwaa mpaka pansi. N'chifukwa chake timati ichinjidwe zaka ziwiri zilizonse. Yanu ngati simunachinjepo chigulireni ndiye yadutsa kale. Ikakhala yakuda ngati tiyi wopanda mkaka musafunsenso munthu. Ndipo potsika paja chotsani giya pa D muike pa 2, injini ikuthandizeni kugwira.

Wamagetsi_Garden

Amakanika a ku Matero amaliza mbali ya fluid, ndilibe chotsutsa, yambani ndi zimenezo. Ine ndikambeko za mawaya poti ndiye ntchito yanga.

Choyamba anthu asamaope nyale zikayaka zonse potembenuza kiyi, imeneyo ndi motoka ikudziyesa yokha, pakapita masekondi ochepa zimazima. Vuto ndi imene yatsala. Ndipo ngati pali ina imene siyaka n'komwe pa nthawi imeneyo, dziwani kuti wina anachotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuseri, ndazipeza kangapo pa motoka zogulidwa kwa anthu, ndiye pogula motoka muziyang'ana kuti ya ABS ndi ya airbag zikuyaka kenako n'kuzima.

Ya yelo yokha ya ABS ikutanthauza kuti ABS yadzichotsa pa ntchito koma buleki wamba ilipo, kungoti mukaponda mwadzidzidzi pa msewu wonyowa kapena pa mchenga matayala akhoza kuloka motoka n'kuserereka. Zikayaka zonse ziwiri, yofiira ndi ya yelo, n'kukhala osazima, pa motoka zambiri ndiye kuti ngakhale kagawidwe ka mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kasiya, matayala akumbuyo akhoza kuloka msanga motoka n'kutembenuka. Imeneyo si yoyenda nayo mtunda.

Za batire, musangogula latsopano musanapime. Aliyense wokhala ndi multimeter akupimirani mu maminiti awiri, koma apime m'mawa motoka itagona, osati mutayenda kale. Batire labwino limaonetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.2 ndiye lili pa theka. Wina azilize wina akuyang'ana mita, likagwa kupitirira pansi pa 10 pamene sitata ikuzungulira, kompyuta ya ABS imadandaula ndipo imasunga code. Injini ikalira payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5, zikapanda kutero vuto ndi alternator osati batire. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri, pa motoka zambiri za ku Japan alternator ikasiya kutchaja, nyale ya batire imayaka pamodzi ndi yofiira ya buleki, munthu n'kuthamangira kogula ma pads chonsecho vuto ndi lamba kapena ma brush. Muonenso mitu ya batire, ikamera ufa woyera kapena wobiriwira, kapena ikamagwedera mukaigwira ndi dzanja, imachita zofanana ndi batire lakufa. Waya wa earth wopita ku bodi nawonso chimodzimodzi.

Batire likakhala bwino timapita ku ma sensa a m'mawilo. Wilo lililonse lili ndi kasensa kowerenga liwiro lake. Nthawi ya mvula anthu a ku Kanyama, Chawama ndi Misisi amabwera ambiri ndi ya ABS chifukwa cha madzi ndi matope olowa m'ma plug. Ena waya unadukira mkati pamene amachinja shock anausiya ukulendewera. Ena anaika bearing motembenuza, pakuti ma bearing ena ali ndi maginito mbali imodzi yokha, kapena anagula CV joint ya mano osiyana nambala ndi yakale. Inu mwati munachinjapo ma shock, ndiye aoneko mawaya amenewo. Chizindikiro chake nthawi zambiri ndi chakuti nyale imazima mukaliza koma imabwerera motoka ikangoyamba kuyenda, zimene zikusiyana ndi zanu, n'chifukwa chake nanenso ndikukayikira batire.

Mukapita ku diagnosis funsani ngati makina awo amalowa mu ABS, chifukwa tija totchipa tolumikiza ku foni tambiri timawerenga injini yokha n'kukuuzani kuti palibe vuto. Ma code a buleki amayamba ndi C. Mwachitsanzo pa Toyota C0200 ndi sensa yakutsogolo kumanja, C0205 kutsogolo kumanzere, C0210 ndi C0215 ndi zakumbuyo, pomwe C1241 ikunena za moto wosakwanira bwino. Jambulani code ndi foni asanafute. Ena amangofuta, nyale yazima, mwalipira, mawa m'mawa yabwerera ndipo simudziwa kuti inali chani.

A ma hybrid monga Prius ndi Aqua amene mukuwerenga, zanu ndi zina pang'ono. Buleki yanu imadalira kapampu ka magetsi, kaja kamalira kuti zzzz mukatsegula chitseko. Kabatire kakang'ono ka 12 volts kakafooka mauthenga a buleki amabwera poliza, ndipo pampu ikamalira pafupipafupi osapuma musachedwe nayo.

Amake_Tiya

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndatsegula boneti m'mawa uno ndi mwana wanga. Fluid ili pa mzere wa MIN penipeni ndipo ndi yakuda bii. Batire ndi lomwe ndinapezamo, sindinachinjepo. Ndayesa zoponda zija, poliza pedulo inatsika pang'ono monga mwanenera, ndipo nditagwiritsa sinamire, kungoti ikugwirira pansi. Kuseri kwa tayala lakumbuyo kumanzere kukuoneka kwakuda konyowa, lakumanja kuli fumbi lokhalokha. A Makanika, ndingapite nayo kuntchito mpaka Loweruka kapena ndiimike? Ntchito ndi ku town, ndimadutsa Great East yonse.

Makanika_Matero

Amayi imikani. Kwerani minibus masiku awiriwa, kapena pemphani chilolezo mawa m'mawa mupite nayo ku galaji yapafupi ndi kwanu komweko mutathiramo fluid, osati kudutsa nayo mu traffic ya pa Manda Hill ndi Arcades yoponda buleki mphindi iliyonse. Rabala yochucha siuza munthu tsiku limene idzaphulike. Zoona mapaipi anagawidwa pawiri kuti mbali imodzi ikataya ina itsale, koma yotsalayo imagwirira pansi penipeni ndipo motoka imapita mtunda wautali isanaime.

Akatsegula drum muimirire pomwepo muone ndi maso anu. Ma shoes akanyowa ndi fluid asakuuzeni zotsuka ndi petulo kapena kuwotcha pamoto, amenewo atha ntchito, ndipo amachinjidwa mbali zonse ziwiri pamodzi kuti motoka isamakokere kumodzi. Wheel cylinder ya kumanja aitsegulenso karabala aone, zinabadwa tsiku limodzi zimenezo. Pomaliza achite bleed, kutulutsa mpweya ndi fluid yakale, mawilo onse anayi mpaka fluid yoyera ituluke.

Amake_Tiya

Ndabwera kudzakuuzani mmene zathera. Ndinapempha half day Lachinayi, ndinapita nayo pa galaji ina kuno kwathu, pang'onopang'ono ma hazard akuyaka. Atachotsa drum yakumanzere ndinaona ndekha, mkati monse phala lakuda lonata, ma shoes akunyezimira ngati apakidwa Vaseline, ndipo mnyamata atangokankha karabala ka wheel cylinder ndi screwdriver fluid inatuluka kuyenderera pa dzanja lake. Ndinakhala kaye pansi pa benchi chifukwa ndinaganiza za ana amene ndakhala ndikuwanyamula m'mawa uliwonse mwezi wonsewu. Yakumanja nayo inali itayamba kunyowa pang'ono ngati mmene munanenera.

Poyamba anafuna kungoika marabala atsopano mu cylinder yakale, koma mkulu wawo atayang'ana mkati anapeza dzimbiri ladya timaenje, akuti ndi madzi a mu fluid yakale, ndiye tinagula ma cylinder awiri athunthu ndi seti ya ma shoes. Ma pads akutsogolo anapima, atsala mamilimita 4, ndinati achinjiretu poti ulendo ndi wautali, kupita ndi kubwera. Anachita bleed mpaka botolo lachiwiri, yoyamba kutuluka inali ngati Coca-Cola. Manje pedulo ikugwirira pamwamba, mpaka tsiku loyamba ndinaponda monga ndinazolowera ana anagwedezeka kumbuyo, apa ndi pamene ndadziwa kuti inali itapita pansi kalekale ine osazindikira chifukwa zimasintha pang'onopang'ono.

Kofiira sikanayakenso masiku anayi tsopano. Ya ABS inabwera kamodzi Loweruka m'mawa. Anapima batire monga munanenera a Wamagetsi, linaonetsa 12.1 ndipo poliza linagwa mpaka 9, alternator ikupereka 14.1. Code ndinajambula, akuti ndi ya moto wochepa. Batire ndigula malipiro akalowa, pakali pano atsuka mitu ndi kumanga bwino. Alamu anga ndawaonetsa zithunzi za drum ija, nawonso akuti apita kukaonetsa yawo chifukwa akhala akuthira fluid mwezi ndi mwezi.

Makanika_Matero

Mwachita bwino amayi. Tengani marker mulembe kamzere pa kabotolo pamene fluid ili lero, muziona Lamlungu lililonse mpaka tsiku la ulendo, isasunthe olo pang'ono. Ma pads ndi ma shoes atsopano amafuna masiku angapo a m'tauni kuti akhazikike, ndiye musaponde mwankhanza sabata yoyambayi, ndipo mubwerere akaonenso handbrake chifukwa ma shoes akakhazikika imakonda kukwera. Alamu anuwo auzeni asadikire Loweruka, fluid yothira mwezi ndi mwezi ikupita penapake.

MudalaWaTaxi_Kabwata

Batire mugule musanapite ku Katete ba amake Tiya, automatic siikankhidwa, ndipo pakati pa Rufunsa na Luangwa mungaime nthawi yaitali musanapeze wokupatsani jump. Munyamuke m'mamawa kuti mapiri aja mudutse kukali kozizira ndipo ma truck muwapatse mpata. Mukatipatsireko moni ku Mkaika.